Chikwanje cha Mayi Hawabai

Aliyense wonena kuti Mayi Hawabai a ku Highfields mutu unawazungulira, pakamwa pake pamanunkha. Mayi amenewa anabadwira ku Limbe, ndipo agulitsa chinangwa ndi usipa mu Leicester muno zaka makumi atatu osadwalapo. Chinawapweteka nchimodzi. Mwana wawo Rubina anakwatiwa ku Norway, ndipo kamdzukulu kawo, Jainab, kamangodziwa chilankhulo chakomweko. Agogo akaimba foni, kankathawira pansi pa tebulo.

Ndiye anayamba kuphunzira. Mphunzitsi wa pafoni anati mawu a Chinorowe ndi ataliatali chifukwa amachita kulumikiza, choncho uziwadula nthulinthuli, mphamvu yonse pa nthuli yoyamba. Kudula? Mayi anatenga chikwanje. Liwu lililonse ankalilemba pa chinangwa, nkumatema uku akutchula.

"JORD-bær-syl-te-tøy!" Kha! Tebulo mpaka kudumpha. Ameneyo ndi jamu chabe.

Kingstone wa ku Chipata, dalaiva wa basi amene ankagula pa shopu yawo, anadandaula. "Amayi, dzulo ndadya chinangwa cholemba. Mkazi wanga akuti ndikubwebweta za kunja."

"Thokoza, iwe Kingi. Sukulu unaithawa, yakupeza m'mbale."

Pa Idi alendo anafika pa shopu. Amuna a Mayi Hawabai, a Fazal, anali atabisa chikwanje kuseli kwa matumba a ufa, ati mwana angaope. Jainab anaima pakhomo atagwira siketi ya Rubina. Mayi Hawabai anatsegula pakamwa. Zii. Miyezi isanu ndi itatu ya maphunziro, osatuluka ngakhale kanthuli! Mawu onse anali m'dzanja. Kamwanako kanayamba kubwerera m'mbuyo.

"Bambo a Rubina, chikwanje changa!"

"Pamaso pa mdzukulu? Mukufuna apolisi?"

"Ndati chikwanje!"

A Fazal anachibweretsa. Mayi anagoneka chinangwa, nkukweza mkono.

"BES-te-mor!" Kha, kha, kha! Ndiye kuti agogo. Nthuli ina inauluka nkukagwera m'thumba la malaya a Kingstone, amene anangobwera kudzaonerera.

Jainab anayang'ana chikwanje, anayang'ana agogo. Kenako kanasiya siketi ija, kanatola chipande pa shelefu, kanakwera pa kreti.

"BAR-ne-barn!" Pha, pha, pha! Ndiye kuti mdzukulu.

Anacheza mpaka thumba lonse la chinangwa linatha. A Fazal anangotenga tsache.