Maphunziro Amene Tinkawatcha Kwaya

Dzina langa litatchulidwa pa wailesi kuti ndasankhidwa kupita ku koleji, amayi sanalulutire. Anazimitsa wailesiyo, nasuzumira panja ngati tabisa mbuzi yakuba m'nyumba.

Tinali matenanti pa esiteti ina ya fodya ku Mchinji, ochokera ku Phalombe. Pa esiteti sankalemba munthu, ankalemba manja. Banja lokhala ndi manja ambiri osankha fodya ndi limene linkapatsidwanso munda chaka chotsatira. Kwathu abambo anali atayamba kutsokomola, azing'ono anga anali ana, ndiye manja odalirika anali a amayi ndi anga. Akapitawo, amene ankasankha otsala ndi opita, akanadziwa kuti ndikuchoka, lole yobweza anthu kumudzi ikanaima pakhomo pathu. Kumudziko tinalibe ngakhale kamunda kodzala nandolo. Mwayi wake, pa esiteti palibe ankadziwa dzina langa la kusukulu. Ndinali chabe mtsikana wa Alomwe a kuchigafa cha fodya chakumunsi.

M'miyezi yozizira, sisitere wina kumishoni anayambitsa maphunziro otikonzekeretsa ife osankhidwa. Ankati ana a kumudzi amafika ku koleji n'kubwerako chaka chisanathe, osati chifukwa cha umbuli koma mantha. Abambo anagamula kuti ndizipita masana, ndipo wofunsa aliyense aziuzidwa kuti ndili ku kwaya. Ine, amene ndikayimba ngakhale agalu amatuluka m'nyumba!

Sisitereyo anali wokoma mtima mpaka kukwiyitsa. Anatiphunzitsa kulemba mothamanga munthu akulankhula osaima, kufufuza buku mu laibulale, ndi kuyankha mphunzitsi tikumuyang'ana m'maso, chinthu chimene kwathu chinali mwano. Panali kompyuta imodzi yovekedwa nsalu, imene tinkaigwira mosinthana ndi chala chimodzi. Tsiku lina anatiika pa tebulo kuti tidye ndi foloko ndi mpeni. Anzanga, ana a aphunzitsi ndi a manesi a paboma, anaseka mpaka misozi. Ine ndinkangobisa zikhadabo zanga zakuda ndi utomoni wa fodya.

Ndinkawakonda maphunzirowo, koma njira yobwerera ndinkaiopa. Akapitawo anayamba kupezeka pa mlatho ndi njinga yawo, ngati akupopa tayala.

"Kwaya ikuyenda, mwana iwe?"

"Ikuyenda, bambo."

"Tiyimbireko kamodzi."

Ndinkati pakhosi pandiuma ndi chisanu. Iwo ankaseka pang'ono, maso ali pa chikwama changa, kenako ankandipatsa njira. Kuchigafa azimayi ena anayamba kusiya nkhani ndikalowa. Wina anandifunsa ngati kwaya ya masiku ano imafuna mabuku onenepa chonchi.

Sisitere sindinamuuze kanthu. Ndikanayamba bwanji? Kwa iye kusankhidwa kunali chinthu choimbira belu. Ndipo mpaka lero ndimapsa mtima ndikakumbukira kuti ankadziwa kutiphunzitsa foloko, koma sanafunseko kuti makolo athu amakhala pa malo a yani.

Lamulungu lotsiriza la maphunzirowo, misa ikutha, sisitere anaimirira ndi kumwetulira kwake kuja. Anati pali ana amene atichotsa manyazi, abwere kutsogolo mpingo uwaone. Anayamba kuitana. Ndinayang'ana amayi mbali ya azimayi. Anali ataweramitsa mutu, akupinda nsonga ya chitenje. Dzina langa litamveka ndinakhala phee, koma sisitere anatsika yekha kudzandigwira dzanja.

"Uyu ndiye wandinyaditsa kwambiri," anatero. "Mwana wa tenanti!"

Tchalitchi chonse chinawomba m'manja, nthungululu zili wiriwiri. Akapitawo anali pa benchi lachitatu, atavala jekete yawo yogula ku Chipata. Nawonso anawomba, pang'onopang'ono, ndipo anapitiriza ena onse atasiya.

Panja anabwera kudzagwira abambo chanza ndi manja awiri.

"Zikomo kwambiri, achimwene. Mwabereka. Nanga bwanji osatiuza, ife abale anu?"

"Tinkadikira zitsimikizike, bwana," anayankha abambo, chipewa chili pachifuwa.

"Zatsimikizika tsopano."

Masiku otsatira akapitawo sanabwere kuchigafa kwathu ngakhale kudzakalipa. Kukalipa kwawo tinali titakuzolowera. Kukhala chete kumeneku n'kumene kunatidyetsa mosakoma. Ndinauza abambo kuti ndikhoza kutsala chaka chimodzi. Anali asanandimenyepo chibadwire, koma tsiku limenelo anadzutsa dzanja, n'kulibweza.

"Upita. Zathu tisiyire."

Ndinapita. Zonse zimene sisitere anatiphunzitsa zinandithandiza, sindinganame. Pa tchuthi choyamba ndinatsika basi paboma, ndinakwera njinga ya hayala mpaka pa esiteti, nditanyamula shuga ndi mankhwala a chifuwa. Nazale za fodya zinali zitabiriwira kudambo. Pakhomo pathu panali mayi wachilendo akusenda mbatata, ana ambirimbiri atamuzungulira, ena aatali kuposa ine.

Anandipatsa mpando mwaulemu, nandilonjera. Kenako anafunsa, "Mukufuna ndani, amayi?"