Ndinati Tenga Kakhadi

Anapiye anali a amayi, koma nzeru yowachotsera mbaula inali yanga. Amayi ankakhala ku Warren Park, m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya eni ake, pamodzi ndi mng'ono wanga ndi mkazi wake. Pambali pa kanyumbako panali khola la malata mmene ankawetamo nkhuku zoyera zija zogulitsa. M'nyengo yozizira anapiye amafuna moto usana ndi usiku, choncho amayi ankangokhalira kukoleza makala m'mbaula, utsi uli tolotolo m'khola, iwo akutsokomola mpaka misozi. Ine, munthu wokonza makina pafakitale ina ku Msasa, zimenezi zinkandichititsa manyazi. Ndinawauza kuti za makala aiwale, ndiwapangira chinthu.

Chinthucho chinali kakompyuta kakang'ono, kabolodi kobiriwira kosaposa chikhatho changa, koyendera pulogalamu yaikulu yotchedwa Linux. Kalibe sikirini, kalibe mabatani. Nzeru zake zonse zimakhala pa kakhadi kangati chikhadabo, konga kamene timaika m'foni. Ndinakalumikiza ndi kachipangizo koyeza kutentha, komanso ndi rileyi, yomwe ndi swichi imene kompyuta imatha kuidina yokha. Kukazizira m'khola, rileyi iyatse babu lofiira lofunditsa anapiye, kukatentha ilizimitse. Kuzimitsako n'kumene kunali kofunika, chifukwa magetsi kwathu amapita mmawa n'kubwera pamene afunira, ndipo batire la sola silingapirire babu loyaka tsiku lonse.

Kanandizunza kanthu kameneka. Loweruka loyamba lonse linathera pa mapini. Pabolodipo pali timapini m'mizere iwiri, ndipo pini iliyonse ili ndi manambala awiri, ina ya malo ake pamzere, ina imene pulogalamu imaidziwira. Ine ndinawerenga ndi chala n'kulumikiza waya pa seventini, osadziwa kuti pulogalamu ikuitana seventini wina amene ali kwina. Nditakonza zimenezo, rileyi inayamba mwano. Ndikati yatsa inkazimitsa, ndikati zimitsa inkayatsa, poti inali ya mtundu uja womvera ziro m'malo mwa wani, ndipo wogulitsa sanaone chifukwa chondiuzira. Kenaka kompyutayo inandiyankha kuti ndilibe chilolezo chogwiritsa ntchito mapini. Chilolezo, pa chinthu changa chomwe, ndili m'khola la amayi anga, zitosi zili m'mawondo. Ndinatukwana mpaka mkazi wa mwini nyumba anatseka zenera.

Tsiku lina ndikuyesa, magetsi anathima mwadzidzidzi kabolodi kali mkati molemba, kakhadi n'kusokonekeratu. Ndinayambiranso zonse pachiyambi. Pofuna kuti zisadzandionekerenso, ndinakopera zonse pa kakhadi kena n'kukaika m'chitini cha tiyi pamwamba pa kabati ya amayi. Sabata yotsatira ndinapeza vuto lomaliza. Masiku onsewo pulogalamu ndinkaiyambitsa ndine pa laputopu, ndipo kabolodi kakazima n'kuyakanso, iyo sinkadziyambira yokha. Ndinalemba lamulo loti iziyamba kabolodi kakangodzuka, ndinayesa kuzimitsa ndi kuyatsa kasanu, zonse zinayenda bwinobwino.

Amayi anakhala pa ndowa n'kumaonerera babu likuyaka ndi kuzima lokha, rileyi ikuti tcha, tcha. Anaseka n'kunena kuti kanthuko kali ndi nzeru kuposa mwini wake. Mbaula anaipereka kwa mayi wina wowotcha chimanga pamsewu. Ine ndinabwerera kwanga mapewa ali m'mwamba.

Zinachitika mu Juni, anapiye zana ali ndi masiku anayi okha. Mmawa umenewo kunazizira moti zala zinkakana kugwira sipanala. Ndinali pansi pa makina amene anaima, kapitawo ali pamutu panga, pamene foni inalira. Anali amayi. Anati magetsi apita, babu silikuyaka, anapiye aunjikana pangodya ndipo akulira. Amene sanawetepo sadziwa kuti chimene chimapha anapiye si chisanu chokha. Akazizidwa amakwerana, ndipo apansi amafa chifukwa chosowa mpweya. Ndinawafunsa amayi kuti pa kabolodi pakuyaka timagetsi tingati. Anati kofiira kokha, kobiriwira sikakuphethira. Ndinadziwa pomwepo kuti kakhadi kafanso.

Amayi maso awo sangaone kanthu kangati chikhadabo, ndipo manja amanjenjemera. Mwamwayi mng'ono wanga anali pakhomo, poti kombi, minibasi imene amayendetsa, inali kugalaja. Ndi bambo wandevu zake, wa ana awiri. Ine ndi iye timayankhulana Chishona, chinenero cha eni dziko kuno. Ine ndinabadwira ndi kukulira kukomboni ya pafamu, kumene aliyense ankayankhula Chichewa, pamene iye tinabwera naye m'tauni ali wamng'ono. Koma mantha akandigwira, lilime langa limathawira kukomboni osandiuza. Amayi atamupatsa foni, ndinakuwa pakati pa phokoso la fakitale.

"Iwe, kakhadi kafa. Tenga kena, uchotse kakaleko, uikemo kenako. Changu!"

Anati wamva, n'kudula foni. Za chitini sindinatchule. M'mutu mwanga dziko lonse linkadziwa za chitini cha tiyi.

Patapita theka la ola ndinaimbanso, ndikuyembekeza kumva kuti babu layaka. Amayi anati mng'ono wanga anangovala jekete n'kutuluka akuthamanga, ndipo sanabwerebe. Ndinamuimbira, foni yake inali yozima. Kabati ili pamtunda wa masitepe atatu kuchoka pamene anaima, nanga iye akuthamangira kuti? Ndinaganiza kuti wapita kwa anzake a pasiteji, kapena abwana ake amuitana za kombi ndipo waona kuti anapiye a amayi ake angadikire. Ndinamanga boliti ina mwaukali mpaka inathyoka. Amayi anati akutenthetsa madzi pa kachitofu ka gasi n'kumathira m'mabotolo kuti aziika pakati pa anapiye, koma mabotolo analipo anayi basi. Za mbaula sananene kanthu, ndipo kusanenako kunandipweteka kuposa akanandilalatira.

Makina atayamba kuyenda, cha m'ma leveni, sindinapemphenso chilolezo kwa munthu. Kuchoka ku Msasa kupita ku Warren Park ndi makombi awiri. Yoyamba inkaima pa mtengo uliwonse. Yachiwiri inakhala pasiteji m'tauni kudikira munthu mmodzi woti idzaze, kondakitala akungoimba mluzu, ine ndikutafuna mano. Ndinakwiyira dalaivala, ndinakwiyira magetsi, ndinakwiyira mayi wina amene ankasenda nthochi pang'onopang'ono pafupi nane ngati palibe chikufa padziko. Koma mkwiyo weniweni ndinausungira mng'ono wanga, ndipo ulendo wonsewo ndinkakonza mawu oti ndikamuuze.

Ndinamupeza atanjuta m'khola, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kuzizira, m'manja muli kapepala kong'ambika ka kusitolo. Amayi anali atasonkhanitsa anapiye amoyo m'mabeseni awiri n'kuwafunditsa zitenje. Akufa anawandandalika pa thumba pafupi ndi chitseko. Babu linali lozima.

"Unali kuti?" ndinamufunsa.

"Kutauni, mukoma. Mati nditenge. Ndatenga," anayankha m'Chishona.

Mawu amenewo ndinawamva kawiri, kamodzi m'chinenero chilichonse. M'Chishona kutenga ndi kugula. Kutenga kwathuku iwo amati kutora. Zimenezi ndazidziwa moyo wanga wonse, ndipo timachita nazo nthabwala pamaliro ndi paukwati. Iye anamva kuti kakhadi kafa, gula kena msanga. Anathamangira kumashopu a pafupi osakapeza, anakwera kombi mpaka m'tauni, anayenda sitolo ndi sitolo foni itatha moto, n'kubwera ndi kakhadi katsopano kopanda kanthu ngati mbale yotsuka. Anakaika m'kabolodi bwinobwino, mbali yoyenera, n'kumadikira kuti babu liyake.

Mungaganize kuti nditamvetsa mtima unatsika. Unakwera. Ndinamufunsa kuti ndi mwana wa Mchewa wamtundu wanji wosadziwa mawu oti tenga, mawu amene ngakhale mwana woyamwa amawamva. Ndinati munthu wamkulu ndi ndevu zake walephera kufunsa amayi ake amene anali pambali pake. Ndinati bambo athu akanakhala moyo akanamufunsa kuti ndi wa kwa yani. Ndinamuloza anapiye a pathumba n'kumuuza kuti awawerenge, poti ndi ake. Zonsezi ndinazinena m'Chishona, dala, kuti pasapezeke liwu limodzi lomuphonya. Anangopinda kapepala kaja n'kukaika m'thumba la jekete.

Ndinalowa m'nyumba, ndinatsitsa chitini, ndinabwera nako kakhadi kanga ndikukaonetsa m'mwamba kuti akaone. Nditakaika m'kabolodi, kagetsi kobiriwira kanayamba kuphethira. Ndinapinda manja kudikira kulira kwa rileyi. Mphindi inatha, yachiwiri inatha, kuli zii. Ndinatulutsa laputopu m'chikwama n'kuilumikiza. Linux inali itadzuka bwinobwino. Kachipangizo koyeza kutentha kankanena zoona, kuti m'khola mukuzizira. Koma pulogalamu yoyatsa babu sinkayenda. Ndinayang'ana pamene pamakhala lamulo loti izidziyambira yokha, ndipo panalibe kanthu.

Kakhadi ka m'chitini ndinakakopera sabata imodzi ndisanakonze vuto lomaliza lija, ndipo sindinabwererenso kukakonza. Ndiye kuti mng'ono wanga akanamva Chichewa ngati mlaliki, n'kutenga kakhadiko pa mphindi yoyamba, babu silikanayaka. Likanadikirabe ine ndi laputopu yanga. Ndinaonanso chinthu china chimene ndinkachidziwa kalekale. Rileyi ili ndi mabowo awiri a waya wa babu, lina loti kompyuta ikafa babu lizime, lina loti likhale loyaka. Ine ndinasankha loyambalo pofuna kusunga batire.

Ndinalemba mzere umodzi. Rileyi inati tcha, khola lonse n'kufiira. Palibe amene anadziwa zimene ndinaona pa laputopu. Kwa iwo, kakhadi ka m'chitini kanagwira ntchito monga ndinanenera. Mng'ono wanga anayang'ana babu lija, kenaka anawerama, ndipo ndinaona kuti mlandu wonse waulandira. Ndinasuntha waya kupita ku bowo linalo ngati ndikungomanga pomasuka, osaulula zimene ndinaona.

Amayi ankatulutsa anapiye m'beseni mmodzimmodzi n'kumawaika pansi pa babu. Anayankhula osandiyang'ana, ndi mawu apansipansi, m'Chichewa.

"Ukumufunsa kuti ndi wa kwa yani. Amene unamumenya pakamwa ndiwe."

Sindinafunse kuti liti. Titangofika m'tauni kuchoka kufamu, ana a m'dera lathu ankatiseka tikatsegula pakamwa, ankatitcha mabhurandaya, dzina lonyozera ife obwera, n'kumatiyeserera kayankhulidwe. Ine ndinali mnyamata wamkulu kale, ndipo zinkandiwawa koopsa. Ndinalamula kuti panja pasamamveke Chichewa. Tsiku lina tili pamzere wa madzi, anthu ali mbwee, mng'ono wanga anabwera akuthamanga n'kukuwa kuti, achimwene, ndatenga ndowa. Anthu anaseka. Ndinamuwomba mbama pakamwa mpaka mlomo unachucha magazi, ndipo ndinachitanso zomwezo masiku ena, ngakhale m'nyumba, mpaka anasiya. Kuyambira pamenepo ndinakhala mukoma, monga amaitanira mkulu wawo m'Chishona. Sananditchulenso achimwene.

Anapiye akufa anakwana makumi awiri ndi asanu ndi atatu. Amayi anatuma mkazi wa mng'ono wanga kuti akapemphe mbaula ija kwa mayi wa chimanga, ndipo sanandifunse maganizo. Kenaka anaimirira, anadzikuntha utuchi pachitenje, n'kundiyang'ana.

"Tenga khasu," anatero kwa ine. Anatembenukira kwa mng'ono wanga. "Iwe tora saga." Ankanena thumba la anapiye akufa lija.

Zaka zonsezi amayi akhala akuyankhula choncho, pakamwa pena pa ine, pena pa iye, ndipo ndinali ndisanazimvepo mpaka tsiku limenelo. Tinapita kukamunda ka m'mphepete mwa msewu kumene anthu amadzala chimanga nthawi ya dzinja. Nthaka inali youma gwa, ndipo ndinaikumba ndi ukali wonse umene ndinabwera nawo kuchoka ku Msasa, poti tsopano unalibe kwina kopita. Iye anaima ndi thumba lija m'manja, akudikira.

Dzenje litakwana, ndinatsamira khasu n'kumuuza zonse, kuti kakhadi kanga nakonso sikakanayatsa babu, kuti waya ndinauika pa bowo lolakwika, kuti anapiyewo ndi anga. Ndinamuuza m'Chishona, poti ndicho chokha chimene ndinamusiyira.