Kachilombo ka Anathovu

Mu labu yathu timawatcha Anathovu. Ntchito yawo ndi kuweta mabakiteriya amene anawasintha kuti azipanga puloteni, ndipo puloteniyo amakutira nayo timathovu tosaoneka ndi maso. Akayamba kufotokoza kuti timathovuto tingadzathandize madokotala kuona bwino m'thupi pa sikani, anthu amangoti "Ohoo," n'kuyamba nkhani ya mpira.

Mayiwa amakhala okha m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya matayala. Pampando wachiwiri anaunjikapo mabuku, poti wokhalapo panalibe. Lamlungu ankabwerabe ku labu, ati tizilombo sitidziwa holide. Ine ndinkati bodza, kunyumbako n'kumene kunali zii. Mng'ono wawo wosoka madiresi amakhala mumzinda womwewu, koma ankaimba foni pokhapokha kukagwa maliro.

Chaka chatha mtundu wina wa mabakiteriya, umene unawasautsa miyezi yambiri, unayamba kuswana. Madzi a m'botolo anachita mbuu. Anathovu anasowa womuuza chimwemwe chawo, moti anaimbira mng'ono wawoyo.

"Iwe, kachilombo kanga kachulukana! Ndayeza lero, kalimo ndithu."

Pafonipo panamveka kulira.

"Achemwali, bwanji osanena kale?"

Madzulo omwewo telalayo anatulukira ndi malalanje ndi bulangeti, n'kutsitsa mabuku pampando. Anathovu anayesa kumumasulira.

"Ndimanena za kuntchito ine, za m'botolo."

"Musachite manyazi, achemwali. Masiku ano anthu akukhala nako bwinobwino, bola kumwa mankhwala."

Kuyambira pamenepo foni imalira m'mawa uliwonse. Lamlungu mng'onoyo amabwera kudzawaluka tsitsi, ana ake ali pikitipikiti pamasitepe. Anathovu ananenepa, anayamba kuseka mokweza. Mabotolo a Lamlungu anagwera ine, wogawana nawo tebulo, ndipo ndimadyetsa tizilomboto ndikung'ung'udza.

Tsiku lina ndinalephera kupirira.

"Amayi, muuzeni zoona m'bale wanuyo. Akuonda ndi nkhawa, inu mukunenepa."

Anapitiriza kulemba manambala pamachubu, osandiyang'ana.

"Ndikudziwa, n'kulakwa. Koma akamva kuti ndili bwino adzaseka, n'kubwerera ku makina ake. Munthu wabwinobwino samuyendera."

Chisoni chinandigwira. Komabe anandilonjeza kuti amuuza sabata yomweyo.

Dzulo m'mawa foni inalira ali pa maikulosikopu. Anavula gulovu imodzi, n'kundikodola kuti ndimve. Mawu a mng'ono wawo ankamveka mpaka pamene ndinaima.

"Mwadzuka bwanji, achemwali? Mankhwala mwamwa?"

Anathovu anandiyang'ana pang'ono, kenako anatembenukira kukhoma.

"Ndamwa, mng'ono wanga. Lamlungu ubwera eti?"