Malungo a ku Govan

Nditayamba ntchito panyumba yosamalira okalamba ku Govan, dera lina la mzinda wa Glasgow, bwana wathu, mayi wamfupi wolankhula ngati akuthawa mvula, anandikhazika mu ofesi n'kundiuza malamulo. Chingelezi cha ku Glasgow nthawi imeneyo ndinkachimva theka, theka linalo ndinkangoligwedezera mutu. Chomwe ndinatolapo n'chakuti miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ndi ya pulobeshoni, yondiyesa ngati ndikuitha ntchito, ndipo tchuthi cholipidwa cha matenda kapena cha mwadzidzidzi chimayamba munthu akawoloka pamenepo.

Lamulungu tikuweruka kutchalitchi ndinafunsa za pulobeshoniyo kwa mayi wina wa kwathu amene anabwera kuno kalekale, amene aliyense wachilendo amamufunsa nzeru. Sanaganize n'komwe.

“Mwana wanga, pa pulobeshoni sadwala,” anatero akumanga duku. “Ukangotsokomola kawiri, akuti bye bye. Ndiye viza yako umadziwa kuti imayendera limodzi ndi ntchito.”

Za viza zinali zoona. Ntchito ikanatha, ndiye kuti ndege, Chileka, ndi maso a anthu a kwathu amene anandiphera mbuzi ponditsanzika. Ndinachita mantha kwambiri. Nditafika kunyumba ndinalikhazika pansi thupi langa n'kuliuza kuti zodwala liyambe laiwala, lidzadwale likadzalembedwa ntchito.

Ndiye ndinayamba nkhondo. M'mawa adyo, masana jinja, madzulo mandimu. Adyo ndinkamutafuna wosaphika, moti agogo ena aamuna, amene kale ankawotcherera zitsulo za sitima zapamadzi, ankandidziwa ndisanagogode pachitseko chawo. Ankangokuwa kuti, “Lowa, supu!” M'basi munthu akayetsemula ndinkasamuka pampando, n'kumamuyang'ana ngati wandipondera mwana. Majuzi ndinkavala ophatikiza mpaka mikono kukanika kutsika bwinobwino. Anzanga akamadandaula za chimfine pa tiyi, ine ndinkakamwera tiyi wanga pafupi ndi makina ochapira, ndekha, ndikunyadira.

Koma thupi silisunga pangano. Pulobeshoni itatsala pang'ono kutha, m'nyengo ija dzuwa limangosuzumira n'kubwerera, ndinadzuka mutu ukugunda, mfundo zonse zikuphwanya, mano akugundana. Ndinavala yunifolomu, koma ndinaivala chotembenuza. Ndinapezeka nditakhala pamasitepe a fulati yathu ku Govanhill, nsapato imodzi kuphazi, ina m'manja, osakumbuka kuti ndimapita kapena ndimabwera. Ndinaimbira foni bwana.

Inu mukudziwa kuti kwathu thupi likaphwanya timangoti malungo. Mvula yakunyowetsa, malungo. Walima mopitiriza, malungo. Chibwenzi chatha, malungo. Ndipo aphunzitsi a ku pulayimale anatiuza kuti malungo pa Chingelezi ndi malaria. Komanso ndinkafuna matenda olemera, aulemu wake, oti bwana asaganize kuti ndikujomba chifukwa cha kachimfine.

“Ndili ndi malaria pang'ono,” ndinatero m'Chingelezi changa chabwino kwambiri. “Koma mawa ndibwera.”

Bwana anakuwa mpaka ndinaichotsa kukhutu.

“Malaria? Pang'ono? Usasunthe pamene ulipo! Usatseke maso! Ndikubwera!”

Anabweradi, atavala masiki ndi magolovesi, n'kundilowetsa m'galimoto ngati dzira. Njira yonse ankandifunsa ngati ndikumuonabe. Ndinkamuona, atatu. Kuchipatala chachikulu atangotchula liwu lija pa kauntala, anthu amene anabwera ine ndisanafike anatsala pamabenchi, ine n'kupatsidwa chipinda changachanga. Ananditenga magazi, anandifunsa kuti ku Africa ndinachokako liti, anandiunika m'maso. Kenako kunabwera gulu la ophunzira udokotala, n'kuima mozungulira bedi, nkhope zili ngwee ndi chimwemwe, poti matenda amene ankangowawerenga m'mabuku anali atabwera okha pa galimoto.

Ine pabedipo sindinkaganiza za imfa. Ndinkaganiza kuti ntchito yatha basi. Ndajomba ine, ndajombetsanso bwana.

Masana kunalowa dokotala wina wa imvi. Anayang'ana dzina langa, n'kundiyang'ana ine, n'kutseka chitseko.

“Mayi, mwaswera bwanji?”

Kumva Chichewa m'chipinda chimene chija, mtima unangoti myaa.

“Ndaswera pang'ono, adokotala, kaya inu.”

“Ndaswera. Magazi anu ndawaona, mulibe kanthu. Ndiye tandiuzeni zoona, tili awiriwiri. Ndi malungo a udzudzu, kapena malungo athu aja?”

Ndinayang'ana bulangete.

“Athu aja, adokotala.”

Bambo aja anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati ndi chimfine chachikulu cha nyengo yozizira, ndikagone, ndizimwa madzi ambiri. Anawonjezera kuti udzudzu wa kwathu utayerekeza kubwera ku Glasgow ungafe ndi chibayo usanatuluke pa eyapoti. Anatuluka kukafotokozera bwana pakhonde. Mawu ake sindinawamve, koma kuseka kwa bwana ndinakumva, ndipo sikunali kuseka kwa munthu wofuna kusiya msanga. Manyazi anandigwira kuposa matenda.

Pobwerera m'galimoto ndinalephera kupirira.

“Chonde musandichotse ntchito,” ndinatero. “Sindidzadwalanso, ndikulonjeza.”

Bwana anaimitsa galimoto m'mbali mwa msewu, n'kutsitsa masiki.

“Wakuuza zimenezo ndani? Lamulo likuti ukadwala uli pa pulobeshoni, kampani sikupatsa malipiro ako onse. Silikunena kuti usadwale. Pali munthu amene angalembe lamulo lotero? Ukanabwera ndi chifuwa chimenecho pakati pa agogo anga, pamenepo ndiye tikanayambana.”

Ndinakhala kukamwa kuli yasa. Adyo yense uja! Tiyi yense uja ndinamwera pa makina ochapira! Ndinapsa mtima ndi mayi wa kutchalitchi uja, moti ndinakonzeratu mawu oti ndikamuuze Lamulungu, ngakhale tsikulo litafika ndinangomupatsa moni mwaulemu ndi manja awiri. Koma m'galimoto muja mkwiyo sunakhalitse. Ndinayamba kulira, kulira kwenikweni kwa mamina, chifukwa kuyambira tsiku limene ndinatsika ndege ndinali ndisanapumepo mpweya wonse. Bwana anangondipatsa tishu n'kuyatsa hita.

Ndinagona sabata yonse, ndipo nditabwerera ntchito ndinaipeza. Pulobeshoni ndinawoloka. Agogo a zitsulo aja anadandaula kuti masiku ano ndimawadzidzimutsa, poti sindinunkhanso.

Chaka chathachi, kukuzizira chomwecho, foni ya pantchito inalira m'mawa ine ndikugawa phala. Anali bwana, mawu atasasa ngati chitseko chakale. Pakati pa Chingelezi chake chothamanga ndinamva mawu a kwathu, atapindika pang'ono koma ali omwewo.

“Lero sindibwera. Ndili ndi malungo.” Anatsokomola. “Athu aja.”

“Pepani, bwana, pepani,” ndinatero. “Fundani mugone. Ntchito muipeza.”