Mwana wa a Chizimalupsa

Chimanga chinamera, chinatulutsa timasamba tiwiri, kenaka chinapsa. Elube anaima m'munda wa bambo ake kumtunda kwa Msakambewa, akuyang'ana mizere yofiira ngati padutsa moto. Inu amene mukuti moyo wakukanikani, tamvani za mtsikana ameneyu.

Chaka chimenecho bambo ake, a Andireya, anadzala ndi mvula yoyamba. Ngakhale mwana ku Dowa amadziwa kuti mvula ya chizimalupsa sadzalira, imangogwa kudzazimitsa moto wa m'tchire n'kupita. Iwonso ankadziwa, ankalangiza ndi ena omwe. Koma fungo la dothi lonyowa limaledzeretsa ngati chikondi choyamba. Atamva makasu akulira m'minda ya anzawo, mtima unawathawa, anakwirira mbewu yonse. Dzuwa linabwerera ndi ukali.

Mvula yeniyeni itafika, m'nyumba munalibe ndi njere yomwe yodzala. Banja linakalowa utenanti pa esiteti ya fodya, Elube n'kusiya sukulu ali folomu 3. Pamsika bambowo anapatsidwa dzina.

"A Chizimalupsa, lero simudzala? Taonani kamtambo ako!"

A Andireya anasiya kupita kumphakati, kumsonkhano wa m'mudzi. Kutchalitchi ankakhala pafupi ndi khomo, kuti atuluke anthu asanawaone.

Elube ankasoka fodya m'chigafa, manja ali bii ndi phula, funso limodzi likumudya: munthu wodziwa bwino chinthu amachitiranji zosiyana ndi zomwe akudziwa? Kodi bambo ake analidi chitsiru?

Anabwerera kusukulu ali wamkulu, ana a m'kalasi akumutcha "mayi". Mayeso a folomu 4 anamugwetsa, analembanso. Kuyunivesite anawerenga za maganizo a anthu, patchuthi akusokabe fodya. Funso lija silinamusiye, mpaka analowa digiri yachiwiri, yofufuza momwe ubongo umagwirira ntchito munthu akamasankha chochita.

Atauza aphunzitsi kuti akufuna kufufuza alimi ndi mvula yoyamba, mmodzi anaseka.

"Mayi, izi n'za ulimi. Kuno timafufuza ubongo, osati makasu."

"Khasu silidzuka lokha m'mawa, aphunzitsi," anayankha Elube.

Anamubweza ndithu. Analira, n'kukonzanso, n'kubwereranso, mpaka anamulola.

Anakwera mapiri a Dowa ndi Ntchisi pa kabaza, kwina wapansi. Mlimi aliyense ankacheza naye payekha, atamulonjeza kuti dzina lake silidzamveka. Pagulu onse ankati, "Ife chizimalupsa sitidzalira." Paokha nkhani inkasintha. Kwawo komwe, mkulu wina amene ankaseka kwambiri pamsika paja anatsitsa mawu.

"Mwanawe, nanenso ndinadzala tsiku lomwelo. Kungoti ndinali ndi mbewu ina padenga, ndinakabwereza mwakachetechete."

Ena ambiri ananena chimodzimodzi. Elube anapeza kuti munthu akamva khasu la mnzake, mantha otsalira amaposa zonse zomwe akudziwa, makamaka ngati njala inamugwirapo.

Atapambana digiri ija, anapeza bambo ake akukonza mpini pakhonde. Anakalamba, maso ankayang'ana pansi.

"Ndiye sukulu yonseyi wapeza chiyani, mama? Anakuuza kuti bambo ako ndi chitsiru?"

"Ayi, bambo. Pafupifupi mudzi wonse unadzala nanu. Iwo anali ndi thumba lachiwiri, inu munalibe. Kusiyana kwake n'komweko basi."

"Ndani anadzala?"

"Maina sindingatchule, ndinalonjeza."

A Andireya anaseka mpaka misozi.

Elube anakalangiza a mphakati kuti asamadikire mitambo kuti iwasankhire. Agwirizane dzuwa likadali phwee, mitu ili yozizira, atsekere theka la mbewu ya banja lililonse m'nyumba imodzi mpaka dothi litanyowa mokwanira. Anavomera. Pofunsa wosunga kiyi, mkulu wa pamsika uja anaimirira.

"Apatseni a Chizimalupsa. Amenewa mtambo sungawanamizenso."

Lero dzinalo amaitanidwa nalo mwaulemu, ndipo kutchalitchi amakhala kutsogolo, kiyi ali m'thumba la jekete.

Mnzanga, mwina nawenso unakwirira zonse ndi mvula yonama, anthu n'kukupatsa dzina. Amene akukusekawo ambiri anagwa pomwe unagwa iwe, kungoti sanaonedwe. Funso limene likukuwawalo usalitaye, litsatire mpaka likuyankhe. Dzuka lero lomwe, osadikira mawa. Usataye mtima, mvula yeniyeni ikubwera!