Zigubu Seveni za Make Tamanda

Ndinachoka ku Mpama chaka chimene chimanga chinapserera chisanabereke. Ndinali mkamwini wopanda ngakhale mbuzi, ndipo apongozi akangotsokomola ndinkati akunena ine. Nditauza mkazi wanga, make Tamanda, kuti ndikupita ku Joni, anangoti, "Pitani, koma musakabwereko ndi chipewa chokha."

Kumeneko ndinagwa m'manja mwa pulambala wina wachikulire, womanga maseputiki thanki m'mafamu, maenje a simenti aja olandira madzi oipa a m'nyumba. Bwanayo sankayamba ndi fosholo, ankayamba ndi funso: muno mumagona anthu angati? Aliyense ankamuwerengera malita handiredi fifite pa tsiku, osamba, ochapira ndi ogejemulira kuchimbudzi. Ine zinandikoma zimenezi, abale! Kudziwa kukula kwa dzenje pongowerenga mitu ya anthu!

Lamlungu, kusungulumwa kukandipana m'kachipinda kanga ka malata, ndinkawerenga mitu ya kwathu: ine, make Tamanda, ana atatu, apongozi. Pafoni mkazi wanga ankadandaula kuti khosi likumuwawa. Ine ndinkangoti, "Gulani panado," n'kuyamba kumufotokozera za chimbudzi chogejemula chimene ndidzamumangire.

Nditabwerako patatha zaka zinayi, dzenje ndinakumba sabata yoyamba yomweyo, anthu akubwera kudzasuzumira. Koma kamtima kanandiuza kuti ndiyambe ndayeza, monga ankachitira bwana uja. Ndinakhala pakhonde ndi kope kuti ndione madzi amene amatayika pakhomo pathu.

Ha! Dzuwa linachita kupendeka ndisanalembe kanthu. Otsukira mbale anapita kwa nkhumba. Ochapira zovala anakolopera m'nyumba, otsala n'kuthira panthochi. Osamba ankatsata kangalande kuseri kwa bafa mpaka pampiru wa apongozi. Ndinachita kudzuka n'kukalondola kangalandeko ngati mwana, koma dontho lotayika sindinalipeze.

"Mukulemba chiyani, bambo a Tamanda?" anandifunsa mkazi wanga akutula chigubu.

Ndinamufotokozera monyadira kuti anthu sikisi amafuna malita naini handiredi pa tsiku, ndiye dzenje liyenera kukula motero.

"Zimenezo ndi zigubu zingati?"

Ndinawerengetsa pakope paja. "Fote faifi."

Anaseka mpaka anagwira khosi lija. "Lero ndasenza seveni kuchokera kumjigo, inu mukuona. Zotsalazo atunge ndani? Apongozi anu?"

Manyazi anandigwira, ndinasowa poyang'ana. Anadutsadi pamaso panga kaseveni konse, ine maso ali pamadzi otuluka. Ku Joni madzi amabwera okha m'paipi, n'chifukwa chake bwana wanga sanandiphunzitse kufunsa kuti olowawo amabwera pamutu pa ndani. Zaka zinayi ndinkawerenga mitu, khosi osaliwerenga.

Dzenje lija tinalipaka simenti ndithu, koma paipi yake imachokera padenga, limasunga madzi a mvula. Akatha m'chilimwe ndimamanga zigubu panjinga, anzanga n'kumandiseka kuti wa ku Joni wadyetsedwa. Asiyeni aseke, makosi ndi awo.

Tsiku lina ndinati ndingodziwa, ndinasenza chigubu chimodzi pamutu kuchokera kumjigo. Sindinafike ndi theka la njira lomwe. Make Tamanda anandipeza nditakhala pansi pa mtengo wa mango, ndikusisita khosi. Anagwada mwaulemu wonse.

"Pepanitu bambo," anatero. "Gulani panado."