Ndinawongola Misomali ya Mdzukulu Wanga

Uthenga unandipeza ndili m'dimba, miyendo ili m'matope, keni ili m'manja, ndikuthirira tomato. Foni inalira m'kachikwama kanga ka m'khosi. Ndinapukuta dzanja pachitenje n'kuyankha. Anali NyaShaba, mkazi wa mdzukulu wanga Wongani, akuimba kuchokera ku Boma. Ndi moni womwe sanapereke. Anangoti, "Agogo, amuna anu agwira buleki. Atsika mtunda wa kumsika panjinga, ndipo aima okha."

Keni ndinaiponya pomwepo. Ndinavina m'mizere ya tomato, ndinavina, ndinavinanso, zikhomo zina n'kuthyoka. Nthungululu yanga inafika kutsidya kwa mtsinje, a m'madimba ena n'kubwera ndi makasu poganiza kuti ndaona njoka.

Inu owerenga, mwina mukuti gogoyu mutu wake sukuyenda bwino, kugwira buleki n'chiyani. Khalani pansi mumve. Dzanja limene linagwira bulekilo linatsala pang'ono kufa, ndipo wolilakwira ndinali ine, ine ndemwe, ndi hamala yanga ndi mwala wanga.

Wongani ndinamulera ndekha kuno ku Champhira, amayi ake atamwalira iye akadali kumsana. Kwathu mdzukulu wamwamuna timamutchula kuti mwamuna wathu, ndiye ine ndi NyaShaba timasekana kuti tili pamitala. Atakula anapita ku Mzimba Boma kukayamba kabaza. Miyendo imapalasa, manja amagwira, banja limadya. Madzulo akaweruka, iye ndi anzake amanyamula zitini zothiramo simenti kuseri kwa nyumba, kumanga thupi. Kenako anaona pafoni azibambo a kunja akupinda misomali ndi manja okha, mtima wake n'kupita komweko.

Ine ndinazipeza zimenezi nditapita ku Boma kukathandiza NyaShaba atabereka mwana wake woyamba. Ndinapita kukasambitsa khanda, kukaphika phala, kukachapa matewera. Tsiku loyamba lomwelo Wongani anandiitanira kuseri kuti, "Mkazi wanga wamkulu, bwerani muone chimene mwamuna wanu watha."

Anayamba wapotokola manja, kufinya ndi kutambasula zala mpaka zitatentha. Anatenga msomali woonda, n'kukulunga uku ndi uku ndi zikopa zimene anadula ku nsapato yakale, pakati pokha n'kusiya poonekera. Anaugwira pansi pa chibwano, zigongono m'mwamba ngati tambala wofuna kulira, anakoka mpweya, anakankha. Msomali unagonja pang'ono. Anautsitsira pachifuwa, anapiringiza zala, anafinya ndi zikhatho mpaka mutu ndi nsonga zinapsompsonana. Ndinaomba m'manja. Anandiuza kuti munthu amayamba ndi ing'onoing'ono, sapinda tsiku lililonse, amapumitsa manja, ndipo iye maso ake anali pa msomali waukulu uja wokhomera mitanda ya denga.

Koma atatha anauponya m'chitini, ndipo m'chitinimo munali ina yambiri, yonse yopindika, yonse yatsopano. Mtima wanga unawawa chomene.

Mundimvetse. Malemu amuna anga anali omanga zigafa za fodya ndi madenga. Moyo wanga wonse wa pabanja ntchito yanga inali kukhala pansi, mwala pakati pa miyendo, hamala m'manja, kuwongola misomali yozula ku matabwa akale. Iwo ankati msomali sufa, umangogona. Pakhomo pathu sitinatayepo ngakhale umodzi. Ndiye kuona misomali yonyezimira, yosakhomapo thabwa chibadwire, ili m'chitini ngati zinyalala, tulo sitinkabwera bwino.

Mmawa Wongani akapita ku kabaza, khanda likagona, NyaShaba naye akagona, ine ndinkatenga chitini n'kupita kuseri. Go, go, go. Dzanja langa silinaiwale. Ndinkawongola mpaka msomali uziyenda wokha ukaugubuduza pasimenti, n'kuukwecha ndi mchenga kuti uwale, n'kuubwezera m'pepala la yatsopano. Sindinamuuze. Ndinkati ndimuchitire chabwino mwakachetechete, asamangothera thukuta lake kusitolo. Iye akapinda, ine ndiwongole. Apinde, ndiwongole. Ina inadutsa m'manja mwathu kangapo.

Wongani anayamba kudabwa. Ankati misomali yake ikuberekana ngati mbira. Ankatinso masiku ano ikumvera msanga, mphamvu zabwera. Ine ndinkangoseka ndi khanda kumsana. Poona kuti zikuphweka, anayamba kukulunga mwachisawawa, nthawi zina kansalu kokha m'malo mwa chikopa.

Linali Loweruka masana, anzake a kabaza atasonkhana kuseri. Mnzake wapamtima, Mphatso, ankamunyoza kuti, "Iwe ukupinda mawaya a mpanda, tipindire msomali weniweni tione." Wongani anasolola umodzi m'pepala, anaukulunga mofulumira, anaupinda pansi pa chibwano, anautsitsira pachifuwa kuti amalize. Pofinya ndi mphamvu zonse, msomali unaduka pakati, thwa, ndipo chidutswa chinalowa m'chikhatho cha dzanja lamanja.

Apa ndinaonjeza cholakwa pa cholakwa. Ndinazula chidutswacho, ndinathira mchere ndi palafini monga timachitira munthu akadzitema ndi khasu, ndinamanga ndi nsalu. NyaShaba anati tipite kuchipatala. Ine ndinati ayi, kabala kakang'ono aka kapola kokha. Kunena zoona, ndinkaopa kuti adokotala akafunsa za msomaliwo.

Dzanja linatupa ngati dzungu. Thupi linatentha. Mphatso ndi amene anamukweza panjinga popanda kufunsa munthu, n'kukamutula kuchipatala. Kumeneko anamubaya jekeseni ya kafumbata, anang'amba, anachotsa mafinya, anasoka. Ananena kuti tikanachedwanso nkhani ikanakhala ina. Ananenanso kuti mtsempha wakhudzidwa, zala ziwiri mwina zidzagwiranso ntchito, mwina ayi. Wakabaza wopanda dzanja la buleki anganyamule ndani? Ndani angakwere? Ndipo khanda lija linali lisanayambe n'kuseka komwe.

Ndinamuuza ali pabedi lachipatala. Ndinagwada pansi, ndinanena zonse, za mwala, za mchenga, za pepala. Anayang'ana kukhoma. Kenako anatembenuka nati, "Ndiye mphamvu zonse zija zinali zanu, agogo? Ine kumadzitama pa anzanga, kani wopinda weniweni ali kukhitchini?" Anaseka, koma misozi inali kutsikira m'makutu. NyaShaba sanaseke. Kwa masiku angapo ankandipatsa madzi osamba osandiyang'ana kumaso, ndipo sindimuimba mlandu.

Ndinabwerera ku Champhira ndi manyazi anga. Ndinkathirira tomato ndikupemphera, kupalira ndikupemphera. Ku Boma Wongani ankapita kwa amene amaphunzitsa ziwalo kuchipatala. Anayamba ndi kufinya sokosi yonyowa, madzi osatuluka n'komwe. Kenako kampira. Kenako kutola nyemba pambale imodzi imodzi. Njinga yake anabwereketsa kwa mnzake kuti pakhomo pasagone njala. Mvula inatha, chisanu chinabwera, chisanu chinapita, ine ndikungodikira foni.

Mbwenu linafika tsiku lija la m'dimba. Amuna anu agwira buleki.

Lamulungu lotsatira anabwera pa minibasi onse atatu. Ndinali nditaphika chindongwa, thobwa lathu la kuno, ndinapha tambala, ndinakazinga kachewere wa m'munda mwanga. Atatsika, Wongani anatambasula dzanja lomwe lija kuti andipatse moni. Chipsera chili pakati ngati njira ya nyerere. Anandifinya, anandifinya, mpaka ndinati ndapota, mwamuna wanga, undithyola. Zala zonse zisanu ndinazimva, chimodzi chimodzi, ndipo kuwawa kumeneko sindidzakuiwala kukoma kwake. NyaShaba anandipatsa mwana m'manja nati, "Landirani, amama, mwakhululukidwa, koma hamala musiye kuno." Tinaseka mpaka kukhala pansi.

Titadya, anthu anamuumiriza Wongani kuti apinde msomali. Anatulutsa kamsomali kakang'ono, koonda, ka oyamba kumene, m'pepala limene anatsegula pamaso pathu. Anakulunga chikopa mosamala ngati akufunditsa khanda. Anapinda pang'onopang'ono. Kanagonja. Amayi anaimba nthungululu, ine ndinalowa m'bwalo ndi chitenje m'chiuno, mawondo anga okalambawa n'kuiwala kuti amawawa. Msomali waukulu uja akuti adzafikako, sakuthamanga. Ndipo tinapangana kuti yopindika yonse izibwera kuno kwa ine. Ndimaiwongola ndithu, koma imapita ku thabwa. Khola la nkhunda limene mungaone pakhomo panga ndakhomera yomweyo.

Tsono inu owerenga, inu anyamata ndi atsikana amene mwayamba masewera amenewa, imvani kwa gogo amene anaona magazi. Msomali wopindidwa kamodzi watha ntchito ya m'manja, ngakhale uwale bwanji, mkati mwake watopa. Yambani ndi yaing'ono. Kulungani ndi chikopa chokhuthala nthawi zonse, ngakhale tsiku limene mukudzimva kuti ndinu njovu. Mnzanu akakunyozani, musekeni, koma musafulumire. Ikayamba kuphweka modabwitsa, imani mufunse a m'nyumba mwanu. Chitsulo chikalowa m'thupi, mchere ndi palafini zisiyeni kukhitchini, thamangani kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo inu agogo anzanga, amanja osakhala chete ngati anga, chinthu cha mwana chimene simukuchidziwa mufunseni musanachikonze. Ine ndikanangotsegula pakamwa, mdzukulu wanga sakanagona m'chipatala.

Koma lero ndi tsiku la chimwemwe, ndiye ndiloleni nditchule amene anabwera kudzakondwera nane, asatsale ndi mmodzi yemwe. Anabwera Wongani mwini dzanja, ndi NyaShaba mkazi mnzanga, ndi kamwana kawo Tapiwa. Anabwera Mphatso amene anamunyamula, ndi anzake a kabaza, Lusayo ndi Kondwani, fumbi lili m'mutu. Anabwera mchemwali wanga NyaMoyo ndi ndodo yake. Anabwera a Jere a kutsidya amene anathamanga ndi khasu kudzapha njoka, ndi akazi awo NyaPhiri. Anabwera amayi a chigwirizano cha kutchalitchi, NyaTembo, NyaZimba ndi NyaNkhata wa mawu okoma. Anabwera a Banda ocheka matabwa, ndi Towera wogulitsa tomato pamsewu, ndi Eliza, ndi Vitumbiko, ndi Suzgo. Ngakhale a Mvula, amene sitinkalankhulana chifukwa cha mbuzi zawo, anabwera, anamwa, anavina. Yewo nonse, zikomo. Yewo chomene.